Masitepe a Ningwe

"Alamu, tandiuzani zoona," anatero Lyford ali chiimire pamwamba pa khoma, manja m'thumba. "Kodi kwanu ku Mdeka nsomba zimayenda ndi miyendo?"

Amuna amene anakhala pamthunzi wa mkuyu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mackson sanadzutse mutu. Anatapa simenti ndi chipande chake n'kupitiriza kumata sitepe yachisanu ndi chiwiri.

Khomalo analimanga ndi iye mwini zaka zitatu zapitazo, kupingasa kamtsinje ka Namitalala kamene kamathira mu Lirangwe. Linkasunga madzi chilimwe chonse, ndipo ngalande yake inkathirira madimba a amayi makumi awiri, mkazi wake Magret ali momwemo. Tomato wa pamenepo ankafika mpaka ku Chileka. Koma chimangireni khomalo, nsomba za ningwe zimene zinkakwera mtsinje mvula ikagwa, kupita kukaikira mazira kumaiwe a kumtunda, ulendo wake unkathera pomwepo. Zinkadumpha, kumenya simenti, kugwa, anthu n'kumazitapa ndi maneti a udzudzu. Kumtunda, kumene Lyford ndi anzake ankatchera mono chibadwire, kunangotsala achule.

Ndiye amuna a kumtundawo anapangana chimodzi: nsomba zikapanda kudutsa mvula ya chaka chino, khoma ligwe. Sanabise ayi. Lyford, amene anali mchimwene wake wa Magret, anachita kukagula hamala yaikulu ku Lunzu n'kubwera nayo paphewa, dzuwa likuswa mtengo, kuti aliyense aione. Nanga Mackson akanati chiyani? Munthu wobwera, wokhala pachikamwini, ndipo pamudzipo sankachedwa kumukumbutsa kuti mkamwini asakule mwendo.

Nzeru ya masitepe inabwera ndi Mayi Tione, wofufuza za nsomba wochokera ku Blantyre. Mayiyu ankayenda m'mitsinje ndi kalumo, kudula kachidutswa ka chipsepse cha nsomba, kukaponya m'kabotolo, nsombayo n'kuibwezera m'madzi. Anthu ankamuyesa wopenga. Atabweranso mu Okutobala anakhala pakhoma lomwelo n'kulankhula mosapita m'mbali.

"Tapima tizidutswa tija. Ningwe za mtsinje uno zili ndi chibadwa chawochawo, monga mmene ana a banja limodzi amafananira mphuno. M'mitsinje ina imene ndayendamo sindinazipeze zotere. Zikatha, a Mackson, palibe kokabwereka mbewu."

Anajambula papepala masitepe asanu ndi atatu otsetsereka m'mbali mwa khoma, madzi akutsika pang'onopang'ono, n'kusiya pepalalo m'manja mwa Mackson. Pa sitepe iliyonse panali timizere tokhotakhota ngati timiyala. Mackson anatiyang'ana n'kupukusa mutu. Amayi a sukuluwa kujambula kumawavuta, anatero mumtima. Mmisiri weniweni angasiye miyala ili pamtunda ngati khola la nkhumba? Iyeyo, amene anamanga makhonde a nyumba za ogwira ntchito kubwalo la ndege? Anaika levulo, anamata pulasitala, anasalaza ndi simenti yamadzi mpaka masitepewo ankang'anima. Amayi opita kudimba ankaima kuwasirira.

"Bambo a Naomi," anatero Magret tsiku limene Mackson anamaliza, "abwino ndi abwino ndithu. Koma zikwera?"

"Ntchito ya manja anga inayamba yakuchititsani manyazi?"

Magret anayang'ana kungalande. Mtima wake unali pa dimba limene linkadyetsa ana awo.

Mvula yeniyeni inagwa sabata yachiwiri ya Disembala, masiku awiri osakata. M'mawa wa tsiku lachitatu Namitalala anali wofiira, akulira ngati chigayo, ndipo mudzi wonse unatsikira kukhoma. Ningwe zinali zitafika. Pansi pa khoma madzi ankachita kubwata ndi misana yakuda.

Imodzi inapeza masitepe. Inadumphira pa yoyamba, inagwedeza mchira, anthu anayamba kukuwa, kenaka inangoti tereree, kubwerera kumene inachokera. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inafika pa sitepe yachiwiri, madzi n'kuikokolola ngati tsamba. Ola lathunthu linatha, palibe ndi imodzi yomwe imene inadutsa.

Manyazi anamugwira Mackson, osati pang'ono.

"Basi taona," anatero Lyford. Sankasekanso. Anatsitsa hamala paphewa, amuna asanu ndi mmodzi ali pambuyo pake. "Achemwali, auzeni anzanuwo achoke pakhomapo."

"Muyambe mwaswa ine, achimwene!" anakuwa Magret. Amayi anzake anamanga zitenje m'chiuno n'kundanda pamwamba pa khoma. "Chilimwe mumadya tomato wa ndani? Mpiru umene alamu anga amadzapempha uja umamera pamutu panu?"

"Nanga ife tizidya achule?"

Phokoso linakula. Mackson, posowa poika maso, anayang'ana kumbali, kumene khoma limakumana ndi thanthwe lakale lochapirapo zovala. Madzi pang'ono ankayenderera pamwala wokhakhalawo. Ndipo pamenepo, kutali ndi masitepe ake okongola, ningwe imodzi inali itamatirira pamwala ndi milomo yake yokhuthala. Inapuma. Inadzikankha ndi zipsepse, n'kumatiriranso pamwamba pang'ono. Inkakwera ngati buluzi pachipupa.

Ha! Timizere ta papepala tija! Mayi uja dzanja silinkamunjenjemera pojambula ayi. Nsombayi imakwera ndi pakamwa, ndipo iye anaisalazira njira mpaka kusowa poluma.

"Alamu," anatero Mackson, "bwerekeniko hamalayo."

Lyford anamuyang'ana kaye, kenaka anamupatsa. "Mwaganiza bwino. Mwana wako ukamulanga wekha sizipweteka kwambiri."

"Bambo a Naomi, mwapenga?" anakuwa Magret.

Mackson anadutsa khoma osalikhudza. Anatseka pakamwa pa masitepe ndi thabwa kuti madzi achepe, anakweza hamala, n'kuitsitsa pa sitepe yoyamba. Phwaa! Pulasitala wa masabata atatu anauluka zidutswazidutswa. Anamenyanso, misozi ikulengeza, koma sanasiye.

"Miyala!" anakuwa. "Amayi, miyala yokhakhala, yaikulu ngati mutu wa mwana! Musanditolere yosalala!"

Magret ndiye anayamba kumvetsa. Analumpha pakhoma n'kuthamangira kuthanthwe, anzake pambuyo. Posakhalitsa panali mzere, mwala ukuchoka m'manja kupita m'manja. Mackson ankakumba maenje m'masitepe, kulowetsamo miyala, kuikhomerera ndi tizidutswa, kusiya timaiwe kuseri kwa mwala uliwonse poti nsomba ipumirepo. Atafika pa sitepe yachinayi manja anali atatuluka matuza.

"Patseni kuno, mukuchita ngati mukuswa mtedza," anatero Lyford, n'kulanda hamala ija. Anavula malaya. Masitepe anayi otsalawo anaswa ndi iye, ndipo anaswa mokoma, poti mkono unali utakonzekera kugumula kuyambira kale.

Dzuwa litapendeka, Mackson anachotsa thabwa. Madzi anatsika mokhotakhota, akuchita thovu pamiyala.

Ningwe yoyamba, yamimba yotupa ndi mazira, inaluma mwala wa pansi. Inapuma. Inakwera. Pa sitepe yachitatu inatsetsereka, amayi anagwira pakamwa, koma inakakamira kuseri kwa mwala n'kuyambanso. Yachisanu. Yachisanu ndi chiwiri. Kenaka mchira unangoti phethu pamwamba pa khoma, nsomba n'kulowa m'madzi a kumtunda.

Nthungululu imene inalira pamenepo inamveka mpaka kumsewu wa Lirangwe. Magret anavina m'matope, chitenje chitanyowa. Lyford, bambo wa ndevu zake, anathamanga m'mbali mwa mtsinje akuloza m'madzi, akukuwa ngati waona ndege koyamba: "Iyo! Iyo ikupita kwathu iyo!"

Mayi Tione anafika pa kabaza nsomba zili pamzere. Anayang'ana zidutswa za pulasitala zili mbwee, anayang'ana Mackson, n'kuseka.

"Miyala yanga ija munaiona mochedwa eti?"

"Pepani mayi. Ndinkayesa ndikukukonzerani."

Mayiyo anakhala pathanthwe ndi kope lake n'kuyamba kuwerenga nsomba zodutsa. Atafika pa mazana awiri anasiya, nati dzanja latopa. Munthu wina wa kutsidya anayesa kutsika ndi neti ya udzudzu, koma anakumana ndi Lyford ataima pa sitepe yomaliza, hamala ili pambali.

"Bwererani nayo mukafunde, achimwene. Pano palibe wogwira nsomba mpaka ziikire. Wofuna ndiwo adikire pobwerera."

Anthu atayamba kubalalika, Lyford anavala malaya ake n'kuyandikira mlongo wake, akukanda m'mutu.

"Achemwali, khomali likhale. Komanso... kudimba kuja kulibe kamalo kotsala? Mabedi awiri okha."

Magret anafinya chitenje chake mosafulumira, n'kuloza ndi mlomo kumene mwamuna wake ankatsuka matuza m'madzi.

"Madzi a m'ngalande amagawa ndi awo. Kapempheni bwinobwino."

Lyford anavula chipewa n'kutsetserekera kumtsinje.