Pomwe Bambo Analekezera

"Musayankhule kaye, Amayi, makinawa angasokonezeke," anatero Nesi uku akumanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono wa mayi ake.

Makina analira, nambala n'kutuluka. Nesi anaiyang'ana, n'kuponya diso kwa mlongo wake amene anali chilili pakhomo la chipinda. Kenaka anawazimitsa mwachangu ngati kuti Mayi aiona, chonsecho maso awo anali atathima zaka zisanu zapitazo ndi matenda a shuga.

"Yakwera eti?" anafunsa Mayi.

"Pang'ono chabe. Gonani, tikubwera."

Panali patapita masiku anayi chiikireni Bambo m'manda. Abale anali atabalalika, m'nyumba mwatsala Mayi ndi ana awo awiri. Mwana wamkulu, wamkazi, aliyense ankangomutchula kuti Nesi chiyambireni ntchito kuchipatala. Chitsirizira, wamwamuna, anali msilikali, ndipo pakhomopo ankamutcha Jenerale ngakhale pamkono pa yunifolomu yake panali kamzere kamodzi kokha.

Atafika kukhitchini, Nesi anatseka chitseko n'kutsegula mpopi kuti madzi abise mawu.

"Uwauza liti?" anafunsa Nesi.

"Achemwali, nambala ija mwaiona nokha. Ndikangoti Lachisanu ndikupita kunkhondo ya kunja, kwa chaka chathunthu, si ndiye kuti tikumbanso manda ena?"

"Ndiye ukufuna uzembe ngati wakuba nkhuku, ine nditsale ndikunama chaka chonse? Kapemphe akusiye. Bambo ako amwalira."

"Ndapempha kale. Akuti masiku asanu ndi awiri andipatsa aja ndi omwewo. Kumeneku sikuli ngati kwanu kuja mumasinthana mashifiti."

Nesi anamuyang'anitsitsa. "Ine ndimachoka mbandakucha, kubwera dzuwa litalowa. Jakisoni wa masana awabaya ndani? Zikhadabo awawenga ndani? Zonsezi ankachita Ababa, ife tinkangoimba foni n'kumati muli bwanji."

Jenerale anangotola kapu yoyera kale n'kuyamba kuitsuka.

"Nesi!" Mayi anaitana kuchipinda. "Nthawi yakwana. Sindinamve anthu anga sabata yonse."

Awiriwo anadziwa zimene ankatanthauza. Bambo anali telala, ndipo tsiku lililonse ikakwana 3 koloko ankavindikira makina awo osokera n'kuwawerengera akazi awo buku. M'kachipinda kosokeramo munali mashelefu atatu a mabuku akale, ogula kwa wogulitsa m'mbali mwa msewu, zikuto zake zodzaza ndege zankhondo ndi madokotala obisa pakamwa. Anayamba kuwagula mwezi umene Jenerale analowa usilikali. Zinkaseketsa anthu, poti Bambo akadzibaya ndi singano n'kuona kadontho ka magazi ankayamba akhala pansi. Akawaseka ankati, "Ana anga sandiuza za kuntchito kwawo. Awa ndiwo amandiuza."

Nesi anatenga buku limene linali pampando wa Bambo. Kansalu kabuluu kanali pakati, pomwe analekezera. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kuwerenga Chingerezicho, uku akumasulira monga ankachitira Bambo. Tsambalo linali la ndege ikutera mumdima ndi mayina a mfuti.

"Dumpha zimenezo," anatero Mayi. "Mfuti zonse zimalira chimodzimodzi. Ine ndimafuna anthu. Dokotala wanga ali kuti? Mayi uja amati akagwira kapu ya tiyi manja amanjenjemera, koma akagwira mpeni amangoti zii. Ameneyo ndiwe, abambo ako ankatero."

"Ine sindinjenjemera, Amayi."

"Usanditsutse. Nanga Kopolo Wamantha? Uja amasanza nkhondo isanayambe, koma anzake akagwa ndiye woyamba kubwerera kukawanyamula. Tinamusiya m'chipatala cha matenti, mwendo ukupola, akuvutitsa anamwino kuti amupatse pepala alembere amake. Walemba?"

Nesi anayendetsa chala patsambalo. Kopolo panalibe. Anatsegula kutsogolo, osamupeza. Anabwerera m'mbuyo masamba khumi, makumi awiri, makumi anayi. Kopolo anali atafa kalekale, patebulo la dokotala uja, magazi atakana kuleka. M'mbali mwa ndimeyo munali kamtanda kakang'ono ka pensulo.

"Bwanji wangoti duu?"

"Kukhosi kwandiuma. Ndikamwe madzi."

Anamukoka Jenerale mpaka m'kachipinda kosokera n'kumuloza ndimeyo. Iye anawerenga, n'kutsitsa buku lina pashelefu. Sanachedwe kupeza kamtanda. Anatsitsa lachitatu, lachinayi. Paliponse pomwe msilikali wachinyamata wafa, kamtanda kanalipo.

"Zaka zonsezi ankawanamiza," ananong'ona Nesi. "Palibe msilikali anafapo m'nyumba muno. Ankadziwa kuti mtima wa Amayi sungapirire. Ndiye iwe ndi Lachisanu lakolo..."

"Bweretsani kuno. Ndikapitiriza ine."

Atabwerera kuchipinda kwa Mayi, Jenerale anakhala pampando wa Bambo, buku pamaondo, thukuta lili kamukamu pamphumi. Anakhosomola.

"Eee, Kopolo uja anadzuka m'mawa. Mwendo unali bwinobwino. Anadya. Kenaka anamupatsa mendulo. Ziwiri. Kenakanso anamukweza kukhala, eee, mkulu wa onse."

"Ndi mwendo umodzi womwewo?" anafunsa Mayi.

"Unachira, Amayi."

"Tsiku limodzi?" Mayi anapukusa mutu, kakumwetulira kakubwera koyamba chichitikireni maliro. "Tseka bukulo, mwanawe. Kunama ndi luso, ndipo iwe sunatengere. Abambo ako akanama ankayamba ndi nsapato za munthu, mpaka umve fungo la masokosi."

Nesi anagwira chitseko. "Munkadziwa?"

"Maso ndiwo anafa, makutu alipo. Akamawerenga zenizeni ankapunthwa pa Chingerezi, mawu ena mpaka kuwatchula katatu. Akayamba zawo, pakamwa pankangoyenda ngati makina othira mafuta. Komanso dokotala wanga analira mutu wonse wa buku. Munthu angalire choncho wodwala wake akuchira?"

"Nanga osawauza bwanji?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Mukuganiza ankateteza ine?" Mayi anafufuza m'mbali mwa bedi mpaka anapeza bondo la Jenerale. "Buku loyamba lija anawerenga zoona. Atafika pomwe mnyamata wina anawomberedwa, mawu anawathera. Anatuluka, ndinawamva akusanza kuseri kwa nyumba. Atabwerera anati, pepani mayi, ndinawerenga molakwa, chipolopolo chinangomupala. Kuyambira pamenepo sanaphenso mwana wa munthu. Wamantha m'nyumba muno anali iwowo. Ine ndinkangowagwirizira."

Panja galimoto inadutsa, mawindo n'kunjenjemera.

"Tsono iwe," anapitiriza Mayi, "ukunyamuka liti?"

Jenerale anayang'ana mlongo wake. Nesi anali atasuntha kale kufupi ndi botolo la mankhwala.

"Usamuyang'ane mlongo wako, ndikufunsa ine. Dzulo nyumba yonse inanunkha polishi. Munthu sapolisha majombo kuti azikhala nawo pamaliro."

"Lachisanu, Amayi. Kunja. Chaka chimodzi."

Dzanja la Mayi linafinya bondo lija mpaka mitsempha kuonekera. Anapuma mofulumira, kamodzi, kawiri, katatu. Nesi anawagwira pamkono n'kumawerenga kugunda kwa mtima ndi zala. Pang'onopang'ono mpweya unabwerera m'malo mwake.

"Kumeneko kuli chipatala?"

"Chilipo. Cha matenti."

"Chabwino. Uzilemba, ndipo uzilemba zoona. Ukachita mantha unene kuti ndachita mantha. Za mamendulo awiri sindikuzifuna." Anatembenukira komwe kunali Nesi. "Iwenso leka kutsegula mpopi, madzi akungotayika. Jakisoni undiphunzitse ndizidzibaya ndekha. Abambo ako ankabaya atatsinzina, ndiye wakhungu ndi wotsinzina akusiyana pati?"

Nesi anaseka, misozi n'kutsikira limodzi. "Ndisamukira kuno, Amayi. Ndikapempha mashifiti afupi. Akakana ndidzaona pomwepo."

"Udzaona pomwepo. Tsopano Jenerale, tsegula kumapeto kwenikweni, kuseri kwa chikuto. Ndinkamva pensulo ikukanda kumeneko akamaliza kuwerenga. Sindinafunsepo."

Jenerale anatembenuza bukulo. Mkati mwa chikuto munali zolemba za Bambo, zing'onozing'ono, zopendekera, zofanana ndi zimene ankalembera miyeso ya makasitomala. Pamwamba analemba kuti Kopolo. Mizere yoyamba inali yokhwatchidwa, kusonyeza kuti anali ataikamba kale: achotsedwa chipolopolo, malungo amugwira masiku awiri, ayamba kudya. Inatsala inayi.

Anawerenga mokweza.

"Alembera amake, koma asatchule za mwendo. Aphunzira kuyenda, agwe kawiri, dokotala amukalipire. Abwerera kwawo pa basi, osati pa ndege, aone njira. Afike masana, ndipo agogode kaye, amake asadzidzimuke."

"Ndi zokhazo basi?"

"Basi, Amayi. Athera pomwepo."

"Ndipatse."

Anawaika bukulo m'manja, n'kuwatsogolera chala pomwe panali zolembazo. Bambo ankalemba mokanikiza, moti pensulo inali itasiya tinjira papepala. Mayi anayendetsa chala pang'onopang'ono kuyambira mzere woyamba, osadumpha ngakhale yokhwatchidwa ija. Atafika pa womaliza anaima, chala chili pomwepo, ndipo ana awo sanawafulumize.