Supuni Yachisanu ndi Chimodzi

"Usagwire, bambo ako safuna," anatero mayi Nezahat. Kenaka anakumbukira kuti amuna awo, bambo Rifki, anali atatha masiku anayi kumanda.

Komabe Tuncay, mwana wawo, anachotsa dzanja pa makina otenthetsa nyumba. Makinawo anakana kuyaka m'mawa woyamba umene mwini nyumba sanadzuke. Mu Januwale kuno ku Erzurum, mzinda wa chisanu choopsa, zimenezo si nkhani yocheza. Odzapepesa maliro ankamwa tiyi atavala majasi, ndipo ankatsanzika msanga.

"Mwaona, amayi? Ndi nyumba yomwe ikukuthamangitsani. Lachisanu tinyamukire limodzi kwathu ku Izmir. Sevda wakonza kale chipinda."

"Sevda ayambe wabweza supuni yanga."

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, Sevda, mkazi wa Tuncay, atabwera kudzacheza koyamba, m'nyumbamo munasowa kasupuni ka tiyi ka siliva, kamodzi mwa tisupuni tisanu ndi kamodzi ta paukwati wa mayi Nezahat. Palibe anatchula wakuba. Kungoti Sevda akatsuka ziwiya, apongozi ake ankawerenga tisupuni mokweza.

"Makinawa akapanda kuyaka pofika Lachisanu, sindikusiyani muno," anatero Tuncay. "Sindiika maliro awiri mwezi umodzi."

Bambo Rifki adagwira ntchito yodinda mapepala ku ofesi ya njanji zaka makumi atatu, ndipo ngakhale atapuma ankavala tayi popita kogula buledi. Mmisiri sankaponda m'nyumba mwawo. "Makina amadziwa mwini wake," ankatero. M'mawa uliwonse ankadzuka mayi akadali m'tulo, n'kupita pakhonde lamagalasi kuseri kwa khitchini, pomwe panali makinawo. Mayi ankakhulupirira kuti akukasuta fodya amene dokotala adawaletsa, ndipo ankanamizira kusadziwa.

Lachinayi masana kunabwera Cevdet, mmisiri wadazi wa mumsewu wakumunsi. Anavula nsapato pakhomo.

"Mulungu akupatseni chipiriro, mayi."

"Ndi kutentha komwe, ngati kulipo."

Tuncay anali ataonera kale pafoni kanema wa kakonzedwe ka makina otere. "Ndayang'ana ndekha, achimwene. Makina onsewa afa."

"Chabwino, adokotala. Tiyeni tione mtembowo."

Cevdet anachotsa chivundikiro n'kuyatsa. Chokupizira utsi chinazungulira, chinalira, koma moto sunayake. Analoza kanthu kozungulira ngati chotsekera botolo, kolumikizidwa ndi kapaipi ka labala.

"Chokupizirachi chikayamba kutulutsa utsi panja, kaswichi aka kamamva mphamvu ya mpweya kudzera m'kapaipi. Kakamva, kamalola gasi. Kakapanda kumva, mufa ndi chisanu muli ndi makina abwinobwino."

Anazula kapaipi, kuuziramo. Sikanali kotsekeka. Anakabwezera kuswichi, n'kuyamwa mbali inayo, khutu lili tcheru.

"Panafunika kumveka kuti *khe*. Kali zii."

Ataweramira mkati, anaima. Anatulutsa chinthu chimene chinapachikidwa pa kawaya kuseri kwa mapaipi. Kanali kasupuni ka siliva, kumutu kwake kokulungidwa ndi kansalu kabuluu ka mizeremizere.

Mayi Nezahat anakhala pampando.

Cevdet anagogoda kaswichi kawiri ndi supuniyo. Moto unayaka.

"Aka kadatopa kalekale," anatero. "Kakazizira usiku kamauma, kakafunda kamagwira tsiku lonse. Pali munthu amene amakadzutsa m'mawa uliwonse. Onani pomwe amagogodapo, pakuwala ngati galasi."

"Nanga bwanji osaitana mmisiri?" anafunsa Tuncay.

"Adabwera kamodzi kushopu kwanga, atavala tayi. Adati mnzawo wina ali ndi vuto lotere. Ndidati mnzanuyo azigogoda pang'ono mpaka ndidzabwere." Cevdet anapukuta dazi. "Mnzawo uja sadandiitanepo."

Kusintha sikunatenge nthawi. Anatseka gasi ndi magetsi, kumasula timisomali tiwiri, kuzula timawaya tiwiri, kuika kaswichi katsopano kochokera m'chikwama chake. Atayatsa, moto unabwera wokha. Anazimitsa n'kuyatsanso katatu kuti Tuncay akhutire. Kenaka anamwa tiyi, kachidutswa ka shuga kali m'kamwa, n'kupita.

Mapaipi a m'zipinda anayamba kufunda. Tuncay anavula jasi monyinyirika, ngati munthu amene waluza mlandu.

"Ndiye simupita."

"Wanena wekha. Makina ayaka."

"Sevda ndikamuuze chiyani?"

Mayi anatembenuza kasupuni m'manja. "Ukamuuze kuti supuni zakwana. Zotsalazo ndidzamuuza ndekha, ndikadzapeza mawu ake."

Lachisanu Tuncay ananyamuka yekha.

Loweruka m'mawa mayi Nezahat anadzuka nthawi imene sankadzuka kale. Anamva makina akuyaka okha. Panalibe patapata wokwekwereza pansi, panalibe kutsokomola. Nyumba inkafunda popanda wina kuikumbutsa.

Anapita pakhonde kukatenga kasupuni kaja, kuti akatsuke n'kukabwezera kwa tinzake. Anamasula kansalu. Kanali kachidutswa ka tayi yabuluu ija imene bambo Rifki adalumbira kuti adaiwala m'sitima. Asanalowe m'khitchini, anagogoda chitsulo cha makinawo kawiri ndi supuni yosakulunga, kungoyesa. Phokoso linayenda m'mapaipi, kudutsa pabalaza, mpaka kukalira kuchipinda, pafupi ndi mbali ya bedi imene mayiwo ankagona.

Zaka zonsezo, phokoso limenelo silidawadzutsepo. Kenaka anakulunganso kansalu kumutu kwa supuni, mosamala, n'kugogodanso kawiri.

Sikunamveke kanthu.