Kandege ka a Kaputeni Pamzere

Injini inkalira, koma ndege sinkasuntha. A Kaputeni anapukuta thukuta n'kucheukira akazi awo, omwe anagwira lamba ndi manja awiri ngati wina akufuna kuwalanda. Zaka zonse za ukwati wawo mayiwa ankakana kukwera kandegeka, ati chitini cha mapiko. Lero ndiye anavomera kuti akwere, azungulire tawuni kamodzi n'kubwerera. Ndiye taonani, lero lomwelo mzere unakana kuyenda.

Kutsogolo kunali ndege zikuluzikulu za apaulendo, pambali pake tindege tonyezimira ta eni makampani, aliyense akuti wachedwa. Yaikulu ikanyamuka, yaing'ono imadikira kaye kuti chimphepo chotsala m'mbuyo chikhazikike, apo ayi chimaigubuduza. Chimphepo chisanathe, kwatulukira ina. Basi, zinkangoyenda choncho, dzuwa likuwotcha.

Zinawapweteka mtima a Kaputeni, kunena zoona. Iwo anafika pabwaloli kukadali msewu umodzi wonyamukirapo ndege, udzu mbali zonse. Wa munsanja yolondolera ndege wa nthawi imeneyo ankawazindikira ndi chifuwa chokha pa wailesi, mwinanso ankangotulutsa dzanja pawindo kuti pitani. Loweruka anzawo ankabwera ndi ana, n'kukhala pamabenchi kuseri kwa shedi yosungiramo kandegeka, tiyi ali m'mafulasiki, kumaseka aliyense wotera modumphadumpha. Anzawo aja ena anatisiya, ena anasamutsira ndege zawo kukabwalo kafumbi kutali ndi tawuni. Anatsala okha. Shediyo akuluakulu a bwalo ankaifuna kuti amangepo chipinda cholandirira mabwana, ndipo aliyense ankadziwa kuti tsiku limene kandegeka kadzagone kwina, m'mawa mwake shedi palibe. A Kaputeni anali atalumbira kuti pamenepa adzachoka atachita kunyamulidwa.

Wailesi inakhosomola. Anali mtsikana wa munsanja, waulemu wake ndithu, koma mawu akuthamanga. Anati mpata wonyamukira awapezera, koma wodzatera lero palibe, ngakhale mawa sangalonjeze. Ngati akupita kwina, awalowetsa pompano. Ngati n'zozungulira, abwerere kushedi.

A Kaputeni anawauza akazi awo kuti zakanika, adzayesanso, mkati mwa sabata ndege zimachepako. Ankanama, ndipo mayi anadziwa.

"Bambo, inu mumandidziwa," anatero mayi. "Ndikatsika muno sindidzakweranso."

A Kaputeni anayesa kulongosola. Anati akanyamuka ndiye kuti ndege ikagona kufumbi kuja, ndipo malo awo apita. Anatchula za benchi imene anakhoma okha, za ketulo imene anaisiya pashelefu. Mayi anamvetsera mpaka mawu anawathera, n'kuwafunsa kuti tiyi wa m'ketuloyo masiku ano amamwa ndi yani. Zinawaluma a Kaputeni, chifukwa zinali zoona kuti ankamwa okha.

"Nanga tikabwerako bwanji, amayi?"

"Mabasi anatha kodi?"

Mantha mayi anali nawo, sanabise, koma sanapemphe kuti chitseko chitsegulidwe. A Kaputeni anawayang'ana nthawi yaitali, mkazi amene anawadikira pansi moyo wake wonse, Loweruka lililonse mtima uli m'mwamba. Kenako anayang'ana shedi ija patali, malata ake a dzimbiri pakati pa magalasi atsopano. Chisoni chinawagwira.

Anadina batani la wailesi n'kunena kuti akupita, sabwerako. Mtsikana uja anawapatsa njira msangamsanga monga amachitira ndi aliyense, kenako mawu ake anafewa.

"Muyende bwino, a Kaputeni."

Kandege kanalowa mumsewu, kanathamanga, kanadzuka. Mayi anafuula kamodzi, n'kuyamba kuseka misozi ili mbwembwembwe. A Kaputeni anacheuka pang'ono. Pamalo pamene anaima paja, ndege ya bwana wina inali itasenderapo kale.