Maziko Sanatembenuke

Tionge analowa m'chipinda chomaliza miyendo italema ngati yobwereka. Anali pa shifiti yachiwiri motsatizana pa nyumba yosamalira okalamba ku Blanchardstown, m'dziko la azungu.

M'menemo munali Bambo Hilary, nkhalamba ya kampingo kosunga chiphunzitso cha Apyuritani akale, Akhristu okhwimitsa malamulo. Kuyambira dzana sanalawe kanthu, ndipo nesi anali atanenetsa kuti akakananso lero apita nawo kuchipatala kukawaika chubu m'mphuno.

Zinayambira pakamwa pa Tionge. Dzanalo akuwasambitsa, ankang'ung'udza salimo la kutchalitchi kwawo ku Ntcheu. Nkhalambayo inazindikira chuni n'kugwetsa misozi. Makolo awo anawaphunzitsa kuti uthenga ukafika kumalekezero a dziko, mitundu yonse n'kutembenuka, chimaliziro chifika. Tsono kwa iwo, malekezerowo ndi Tionge yemweyu, wafika yekha pabedi atanyamula thawulo.

"Bambo Hilary, phala likuzizira."

"Mkwati ali pakhomo, mwana wanga. Andipeze ndikusala."

Tionge anadziponya pampando. Kunja kamvula kankawaza monga mwa masiku onse. Nayenso sakanadandaula dziko litatha Lolemba lisanafike.

"Mwati mitundu yonse?" anafunsa.

"Yonse."

"Ndiye mwafulumira, bambo. Ndili ndi mlongo wanga ku Clondalkin, dzina lake Maziko. Lamulungu amatandala pa sofa, botolo m'manja, mpira pa TV. Abusa anamulephera. Womaliza anachokako akuchemerera timu."

Nkhalambayo inatembenuza mutu pang'onopang'ono. "Koma uthenga anaumva?"

"Akaumva amakweza voliyumu."

Bambo Hilary anayang'ana kudenga nthawi yaitali, nkhope itagwa ngati munthu amene basi yamudutsa osaima.

"Ndiye ntchito ikadalipo," anatero.

"Yambiri."

"Ubwere naye kuno Lamulungu."

"Ndibwera naye. Koma ameneyo ndi wamakani, simungalimbane naye m'mimba muli pululu."

Bambo Hilary anausa moyo, n'kuyasama. Tionge anawapatsa supuni yoyamba, yachiwiri, mpaka mbale inaoneka pansi. Anawapukuta kukamwa, n'kupita kukauza nesi kuti za ambulansi aziiwale.

Ali m'khonde ndi mbale yake m'pamene anakumbukira kuti Lamulungu ndilo tsiku lake lokhalo lopuma. Analitaya yekha. Adzayenera kukwera basi mpaka ku Clondalkin, kukazula Maziko pa sofa paja, n'kumukokera kuno pa mvula, Mazikoyo akulalata njira yonse.