Theka la Inchi

Kalipentala ndi mlamu wake sankamwerana madzi, ndipo chinawadanitsa si mkazi, si mowa. Chinali tepi yoyezera. Kalipentala anaphunzira ntchito kwa malemu bambo ake, m'mafiti ndi m'mainchesi, moti mbali ya masentimita ya tepi yake inali ikadali mbee ngati ya m'sitolo. Mlamu wakeyo, wowotcherera zitsulo amene anthu ankangomutchula kuti Magalasi, ankayeza m'masentimita basi. Tsiku lina, makasitomala ali pomwepo, Magalasi ananena kuti munthu woyeza m'mainchesi masiku ano ngofunika kumusunga pashelefu pamodzi ndi ayironi ya makala. Anthu anafa nako kuseka. Panadutsa zaka zinayi, koma mawu aja Kalipentala ankadzuka nawo tsiku lililonse.

Ndiye Amayi ake a Kalipentala anaterereka m'bafa n'kuthyoka chiuno. Dokotala ananena mosapsatira kuti kuyenda ndiye kwatha, azikhala pa njinga ya olumala, ndipo pasapezeke munthu wowanyamula pamanja ngati thumba, fupalo lingasunthe. Mlongo wake wa Kalipentala, mkazi wa Magalasi, anati awatengera kwawo, kutsidya kwa tauni, kumene makomo ndi otakasuka. Kalipentala anakanitsitsa. Chichokereni mkazi wake, m'nyumba muja anatsala awiriwiri ndi Amayi, ndipo ankadziwa kuti akangopita kutsidyako sadzabwereranso. Amayi nawo ankafuna chipinda chawo, cha windo loyang'ana kumsewu. Vuto linali khomo la chipindacho: njinga sikanalowa.

Anagwirizana chonchi: khomo likakuzidwa lisanafike Lachisanu, tsiku lotuluka m'chipatala, Amayi abwerera m'nyumba mwawo. Likapanda kutero, kutsidya.

Malo ake anali ovuta. Kumanja kunali chipilala chonyamula denga, kumanzere khoma la bafa. Kalipentala anayeza njingayo kawiri, napeza mainchesi 27 ndi makota atatu. Anayeza mpata, nawona kuti felemu yachitsulo ya mainchesi 28 m'kati ilowa ndendende. Koma felemu ankayenera kuwotcherera ndi Magalasi, ndipo amuna awiri akuluakuluwa, ndevu zili pepeya, ankalankhulana kudzera mwa mkazi.

“Ukawauze amuna akowo, m'kati mwake mainchesi 28. Osachotsera, osawonjezera.”

“Achimwene, bwanji osangowauza m'masentimita? Tepi yanuyo kuseri kwake alipo.”

“Ine sinditembenuza tepi chifukwa cha munthu. Si anapita kusukulu? Akawerengere.”

Magalasi nayenso, khosi gwa, sanafune kukhudza tepi ya mainchesi. Anangowerengera pamtima, inchi imodzi masentimita awiri ndi theka, n'kudula chitsulo pa 70. Kodi akanafa akanatembenuza tepi? Inchi imaposa awiri ndi theka ndi kachidutswa kosaoneka n'komwe, koma kachidutswa kameneko ukakaunjika ka 28 kamakula.

Felemu inafika Lachitatu masana, itapakidwa penti yofiira. Kalipentala sankalola chinthu kulowa m'manja mwake osachiyeza, ngakhale buledi ankamuyang'ana ndi diso la tepi. Anakoka tepi: 27 ndi theka, kupitirira pang'ono. Anayezanso pansi, pakati, pamwamba. Chimodzimodzi. Theka la inchi linali litadyedwa.

Apa ndiye pamene munthu wanzeru akanatenga foni. Kudula ndi kuwotchereranso inali ntchito ya ola limodzi. Koma Kalipentala anakhala pa ndowa yovundikira, mtima ukumukoma ngati wanyambita uchi. Anaona m'maganizo Magalasi ataima kukamwa yasa, abale onse akumuyang'ana, masentimita ake atamuvula. Zaka zinayi! Anadziuza kuti njinga akaipendeketsa pang'ono idutsa, ingokanda penti, koma manyazi okha amugwire mlamuyo. Anakanda simenti, naimika felemu, naiwongola bwinobwino, n'kuimata mwaluso kuposa khomo lina lililonse limene anamatapo.

Lachisanu m'mawa galimoto inaima pakhomo. Amayi anatsitsidwa ali pa njinga yawo, ataonda, bulangete lili pamiyendo. Magalasi ndiye ankakankha. Anadutsa pabalaza, nakhotera m'kanjira ka kuchipinda, kenaka khu! Zitsulo za m'mbali mwa matayala zinagunda felemu uku ndi uku. Amayi anabuula, nagwira m'chiuno. Magalasi anabwerera m'mbuyo, nayesanso mopendeketsa. Njinga ya olumala sipendekeka munthu ali pomwepo, izi Kalipentala anazizindikira nthawi yomweyo.

Komabe pakamwa panali patakonzeka kale. “Alamu, masentimita aja afupika? Kapena kusukulu kwanu 28 amathera panjira?”

“Musandiyambe dala! Mukanalankhula ngati munthu wa lero, bwenzi zili chonchi? Mainchesi, mainchesi, ngati tikugula misomali!”

“Ine ndinapereka muyeso wolondola. Mbuli ndi amene wadula.”

“Mbuli ndani? Bwerezani!”

“Takhalani chete nonse, agalu inu!” anakuwa mlongo uja, misozi ili mbwembwembwe. “Amayi ali pakhomo ngati katundu, inu muli pa tepi?”

Kalipentala anati agumula, pofika Lolemba zikhala zitatheka. Mlongo wake anamufunsa kuti masiku atatuwo Amayi agona m'kanjira? Fumbi la simenti apuma ndani? Anamuuza mwamuna wake kuti atembenuze njinga.

Amayi anakweza dzanja kumuletsa. Anasuzumira m'chipinda chawo: bedi loyalidwa, katani yochapidwa, kawailesi kawo pawindo. Zonse zinali pompo, mapazi atatu okha. Kenaka anasisita simenti ya m'mbali mwa felemu, yosalala ngati mbale.

“Wamata ndani apa?”

“Ndine, Amayi.”

“Tabwera kuno.”

Kalipentala anagwada pafupi ndi tayala. Amayi anapisa dzanja m'thumba la malaya ake, natulutsa tepi ija, yakale, ya bambo ake.

“Iwe ndinakubereka ine. Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri unkayeza mpaka mchira wa mphaka. Ukufuna undiuze kuti chitsulo ichi unachimata osachiyeza?”

Kalipentala anayang'ana pansi.

“Mlamu wakoyu walakwitsa chifukwa cha kuuma mutu,” anatero Amayi, mawu ali pansipansi. “Iwe sunalakwitse. Unadziwa.”

Magalasi, amene akanatha kuvina pamenepo, anangotembenuza njinga pang'onopang'ono kuti isagunde khoma. Mlongo uja analowa m'chipinda, natenga kawailesi ndi pilo. Kalipentala anawatsatira mpaka panja, akudikira kuti mwina Amayi acheuka. Atawakweza m'galimoto, Amayi anatsitsa galasi, namuponyera tepi ija pamapazi.

“Tenga,” anatero. “Uziyeza nyumbayo. Yonse ndi yako tsopano.”