Ameni wa Kambalame

A Lumo anali wometa, ndipo pakamwa pawo panali pakuthwa kuposa zida zawo zonse. Dzina lenileni anali nalo, inde, koma linatsalira pachiphaso. Msewu wonse, kuyambira wosoka nsapato wa pakona mpaka abusa, unkangoti a Lumo. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi: mpando wozungulira umene unkalira ukamatembenuka, galasi lalikulu long'aluka kungodya, benchi ya odikira, ndi makina ometera awiri, abwino ndi ena oluma tsitsi amene ankasungira makasitomala okonda makani.

Ntchito yometa ili ndi khalidwe lake. Wometa sayang'ana munthu kumaso. Amaima kumbuyo kwake n'kumamulankhula kudzera pagalasi. A Lumo analangiza anthu ambiri motero: zidakwa, othawa mabanja, anyamata ofuna mametedwe osadziwika mutu wake. Nanga munthu wamangidwa nsalu m'khosi, lezala ili pafupi ndi khutu, angatsutse chiyani? Amangoti, "Zoona, a Lumo, zoona." Choncho bambowa anafika pokhulupirira kuti uphungu anabadwa nawo.

Kunyumba kunali akazi awo, namwino wa kuchipatala cha ana, ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa kusekondale. Ankamutcha Kambalame, chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankaimba paliponse, kubafa, kukhitchini, ngakhale mswachi uli m'kamwa. Mwanayu anabwera mochedwa, makolo ake atadikira zaka zambiri mpaka achibale atatopa kufunsa. A Lumo ankamukonda moti nthawi zina zinkawapweteka pachifuwa.

M'mawa uliwonse, tiyi asanathiridwe m'makapu, atatuwa ankagwada pabalaza. A Lumo ankawerenga ndime ya m'Baibulo, kenako n'kupemphera. Kale Ameni wa Kambalame ankamveka mpaka kwa aneba. Koma mwana atasinkhuka, atayamba kutseka chitseko cha kuchipinda kwake ndi kuyankha mafunso ndi mapewa, mapemphero a bambo ake anasintha maonekedwe.

"Ambuye, inu mumaona zonse," ankatero a Lumo, mawu atawakweza bwino. "Mukudziwa kuti m'nyumba muno muli ena amene foni yawamera m'manja. Sindikutchula dzina, Ambuye. Mukudziwanso ena amene asiya mbale za dzulo m'sinki kuti adzatsuke angelo. Akhudzeni, Atate. Ndipo masiketi ena akufupika tsiku ndi tsiku, inu nokha ndinu mboni."

M'nyumba ya anthu atatu, "ena" sakhala ovuta kuwapeza. Koma a Lumo ankadzuka pamenepo mtima uli mbee, poganiza kuti alera mwana popanda kukangana naye. Kuongola mtengo mpoyamba, ankadziuza motero. Tiyi ankamwa atazizira.

Ndiye tsiku lina Ameni anasowa. A Lumo anamaliza pemphero, namva Ameni mmodzi yekha, wa akazi awo. Anaganiza kuti mwina mwana sanamve, nabwereza mokweza, "M'dzina la Yesu, Ameni." Kunali zii. Kambalame anadzuka, anapukuta maondo, anatenga chikwama chake n'kupita kusukulu.

Mawa lake a Lumo anawonjezera mankhwala. Anapempherera ena amene milomo yawo yauma, ena amene mitima yawo yasanduka mwala. Sizinathandize. Patapita masiku, nyimbo za kubafa zinaleka. Lamlungu, nthawi yopita kutchalitchi, Kambalame anati mutu ukumupweteka, ndipo Lamlungu linalo mutu womwewo unabweranso pa nthawi yake, osachedwa ngakhale pang'ono. Apa a Lumo anachita mantha enieni. Mwana amene anamupempha kwa Mulungu ndi misozi anali kumusiya Mulunguyo iwo akuona, ndipo pakamwa pawo, pamene panaongola zidakwa za msewu wonse, panalibe chimene pankaphula.

Anakadandaula kwa akazi awo, amene ankasita yunifolomu yawo patebulo.

"Mayi ake, mwanayu watilowera chiyani?"

Anamwino anatembenuza kolala, osafulumira. "Bambo ake, ndikufunseni. Mukamapemphera m'mawa muja, mumalankhula ndi ndani?"

"Funso lanji limenelo? Ndi Mulungu."

"Nanga diso lakumanzere limatsegukiranji n'kumayang'ana mwana?"

"Inu mwaliona bwanji diso langa ngati mumatsinzina?"

"Ndine namwino, ndimaona ndili chitsinzinire." Anaimika simbi. "Ine ndikafuna kubaya mwana jakisoni, ndimamugwira mkono n'kumuuza kuti zipweteka pang'ono. Sindibaya chithunzi chake pagalasi. Inu mwatenga Mulungu mwamusandutsa galasi la kushopu."

A Lumo anafuna kuseka, koma akazi awo anali asanamalize.

"Ndinamufunsa dzana. Mukudziwa anandiyankha chiyani? Akuti, 'Amayi, Mulungu ndi mnzawo wa ababa. Akakumana amangondijeda. Ndiye ine ndikamuuze chiyani, poti zoipa zanga zonse amakhala wazimva kale ndisanamwe n'tiyi yemwe?'"

Mawuwo anawalasa a Lumo. Iwo ankaganiza kuti akumukokera mwana kwa Mulungu, pamene m'mawa uliwonse ankamuneneza kwa Mulunguyo mwanayo ali pomwepo, atagwada, wopanda mpata woyankha.

Sabata imeneyo kushopu kunali bata lachilendo. Dalaivala wa basi, kasitomala wakale, anametedwa mutu wonse osalangizidwa kanthu, ndipo potuluka anafunsa ngati a Lumo akudwala. Iwo anangopukusa mutu. Ankafuna kulankhula ndi mwana wawo, koma akayesa kukonza mawu oti amuuze maso ndi maso, mutu unkaima. Zaka zonsezi anali asanaphunzire kuyang'ana munthu kumaso pomuuza zolemera. Komabe wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Loweruka masana Kambalame anabwera kushopu monga mwa masiku onse, kudzasesa tsitsi ndi kuchapa matawulo. Kunja kunkagwa mvula, benchi inali yopanda munthu. Anapereka moni wa pakamwa pokha n'kutenga tsache.

A Lumo anadziyang'ana pagalasi. Mutu wa wometa ndiwo umakhala wonyansa kuposa yonse mumsewu, ndipo wawo unali utafika poipa. Anakhala pampando uja, anadzimanga nsalu m'khosi, natenga makina abwino aja n'kumupatsa mwana.

"Siya tsache. Undimete."

"Ine? Sindidziwa kumeta, ababa."

"Tsitsi limamera. Koma pali lamulo la shopu ino. Woima kumbuyo ndiye amalankhula. Wokhala pampando amangoti zoona."

Kambalame anawayang'ana pagalasi, kufuna kuona ngati pali msampha. Anayatsa makina. Anayamba kumbuyo kwa khosi, mvula ikulira padenga.

"Ababa," anatero, maso ali patsitsi, "mumandichititsa manyazi pamaso pa Mulungu."

A Lumo anavomera. "Zoona."

"Mbale zija mukanangondiuza, ndikanatsuka."

"Zoona."

"Ndipo siketi ija sinafupike. Ndine ndatalika."

A Lumo anamuyang'ana mwana pagalasi, mutu wake utafika pamene kale sunkafika. Analidi atatalika, ndipo iwo anali asanazindikire. "Zoona," anatero motsitsa.

Makina anakwera pakati pa mutu. Kambalame anali atayamba kulimba mtima, dzanja ndi pakamwa pomwe.

"Palinso china. Nthawi zina ndikapemphera ndekha, ndimaona ngati ndikulankhula ndi denga. Palibe amayankha. Mnzanga wa m'kalasi mayi ake akudwala, tapemphera mpaka kutopa, sakuchira. Ndiye sindidziwa ngati ndimakhulupirira kapena ndimangotsatira inu."

Apa mavesi anathamangira palilime la a Lumo, onse nthawi imodzi, kulimbirana kutuluka. Ulaliki wathunthu unali wokonzeka, mutu wake ndi mfundo zake zomwe. Anaumeza, ndipo unawawa pomeza. M'malo mwake anaponda pansi, natembenuza mpando. Mpandowo unalira monga mwa chizolowezi chake, ndipo galasi linatsala kumbuyo. Kambalame anazimitsa makina.

"Inenso denga ndalankhula nalo," anatero a Lumo, akumuyang'ana m'maso. "Tisanakhale ndi iwe, ine ndi mayi ako tinapempha zaka zambiri. Ndinafika pokwiya, ndinasiya kupemphera."

"Inu, ababa?"

"Ine ndemwe."

"Ndiye munayambiranso bwanji?"

"Ndinalibe kwina kopita nazo. Ndinabwerera ndi mkwiyo wanga womwewo, ndipo sanandithamangitse. Za mayi a mnzakoyo yankho ndilibe, mwana wanga, sindikunamiza. Koma Mulungu si mnzanga ine ndekha. Zimene ndakhala ndikuchita m'mawa muja si pemphero, ndi mantha anga. Ndimaopa kukutaya, ndiye ndimakaneneza. Undikhululukire."

Maso a Kambalame anadzaza misozi. Kenako anayang'ana pamutu pa bambo ake, milomo inayamba kunjenjemera, ndipo anaphulika ndi chikhakhali. A Lumo anatembenukira kugalasi. Pakati pa mutu panali patadutsa msewu waukulu kuchokera pankhongo mpaka pamphumi, tchire lili mbali zonse ziwiri. Anaseka onse awiri mpaka wosoka nsapato anasuzumira pakhomo. Panalibenso chochitira mwina, anameta mpala.

Musaganize kuti zinthu zinakoma tsiku lomwelo. Lolemba m'mawa atatuwa anagwada, ndipo a Lumo, mutu uli mbee, anapemphera chonchi: "Ambuye, ndine wometa uja. Zikomo potidzutsa. Ndili ndi mantha, ndipo pakamwa panga ndi potalika. Ndithandizeni. Mukumbukirenso mayi amene akudwala uja. Ameni."

Anamwino anati Ameni. Kumbali inayo kunali zii. Diso lakumanzere linayabwa kufuna kutseguka, koma a Lumo analifinya mpaka linatuluka msozi. Anadzuka, ndipo akazi awo ananena kuti aka kanali koyamba m'banja lawo kumwa tiyi wotentha.

Masiku anapita motero. Tsiku lina a Lumo anapeza mbale zaunjikana m'sinki, ndipo pemphero lokongola kwambiri linayamba kudzipanga lokha m'mutu mwawo. Analikaniza. Anapita pakhomo la chipinda cha mwana, nagogoda.

"Kambalame, mbale."

"Ndamva, ababa."

Basi, nkhani inathera pomwepo. A Lumo anabwerera pabalaza akudabwa kuti ntchito imene ankavutitsa nayo kumwamba konse inali ya mawu awiri okha. Koma Ameni sanabwere. Lamlungu mwana anapita nawo kutchalitchi, anakhala kumbuyo, osaimba. A Lumo anaphunzira kudikira, ntchito imene inawavuta kuposa kumeta mwana wolira. Za mwanayo ankamuuzabe Mulungu, koma ali okha kushopu asanatsegule, ndipo ankayamba ndi kuthokoza.

Tsitsi linali litayamba kumeranso pamene zinachitika. M'mawa wina a Lumo anamaliza kapemphero kawo kakafupi, anamwino anavomera, ndipo onse awiri anali atagwira kale mipando kuti adzuke.

"Ambuye," anamveka mawu aang'ono.

Makolo anabwerera pamaondo msangamsanga.

"Ambuye, inu mumaona zonse. Mukudziwa kuti m'nyumba muno muli ena amene akuopa kuti ndatayika. Sindikutchula dzina."

Anamwino anatsamwa ndi tseko, nadzigwira pakamwa. A Lumo anadziwa kuti zimene anafesa zija zamera, ndipo anakonzeka kukolola.

Koma pemphero linaima. "Ayi, Ambuye, dikirani kaye. Izi ndiwauza ndekha."

Dzanja linawagwira a Lumo pamkono.

"Ababa, tsegulani maso. Onse awiri."

Anatsegula. Kambalame anali atawayang'anitsitsa, nkhope ili pafupi.

"Sindinapite kulikonse. Mafunso ndikadali nawo, ambiri. Koma ndilipo."

Anatsinzinanso. "Ambuye, ndabweranso. Tsopano za ine ndi inu." Anapempherera mayi a mnzake, anauza Mulungu mosabisa kuti kuchedwa kwake sakukumvetsa, anapempha nzeru za mayeso a masamu, nathokoza chifukwa tsitsi limamera. Pemphero lake linali lalifupi, losakometsera, lopunthwa apa ndi apo. Anamaliza ndi Ameni wake wakale uja, womveka mpaka kwa aneba, ndipo mayi ake anavomera.

Ameni mmodzi anasowa. A Lumo anali chigwadire, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka, misozi ikutsikira m'ndevu. Akazi awo anawagunda ndi chigongono.

"Bambo ake, Ameni wanu ali kuti?"

"Asiyeni, amayi," anatero Kambalame, dzanja likadali pamkono wa bambo ake. "Abwera. Tiwadikire."