Thumba la Thonje pa Zenera

Kompyuta ya mu ofesi ya bungwe ku Ngabu inali ndi ntchito imodzi: Shire akakwera, itumize mauthenga pa mafoni a anthu a ku Nyachikadza kuti asamuke. Purosesa yake, ubongo wa makinawo, inali ndi mitu inayi. Dzuwa likafika paliwombo inkagoneka mitu itatu kuti isapse, kukazizira n'kuidzutsa. Koma chilowetsereni kenelo yatsopano, pulogalamu imene imayendetsa zonse za m'kati, mituyo ikagona sinkadzukanso. Makina ankangouma gwa, uthenga osatuluka.

Otilia, wosamalira makinawo, anakondwa mobisa. Ankakonda mfundo zovuta kumasula. Zosintha pakati pa kenelo yakale ndi yatsopano zinalipo zikwi khumi ndi zinayi. Ankazigawa pakati, kuyesa, kutaya theka losalakwa, kugawanso. Kuyesa kulikonse kunkadikira dzuwa la tsiku limenelo. Patatha masabata awiri anaupeza mlandu: mizere iwiri yosinthana malo. Mutu wodzuka unkadikira kulembedwa m'kaundula, kaundula n'kumadikira kuti mutuwo uyambe ntchito.

"Ndiye mwakonza, achemwali?" anafunsa a Geresomo, mlonda wa pa ofesipo, amene mkazi wawo ndi ana anali ku Nyachikadza.

"Ndakonza, bambo. Pa laputopu yanga ikudzuka ngati tambala."

"Ikanimo, nanga mukudikira mvula?"

"Makinawa salandira kenelo yopanda chidindo cha ku likulu, ngakhale yakale ija. A ku likulu sadinda mpaka eni kenelo, a kunja, avomere."

Eni kenelo anayankha Lachinayi, mwaulemu kwambiri. Anati ayesa pa makompyuta makumi atatu, vutolo silikuoneka. Anafunsa ngati n'zoona kuti m'chipindamo mumafika madigiri 44, kapena chala chinaphonya. Adzaziona pa kenelo yotsatira, mu Malichi.

Otilia anawawerengera a Geresomo, mawu ndi mawu.

"Malichi? Madzi amabwera Januwale. Kodi amenewo kwawo kulibe mtsinje?"

"Ulipo. Koma umauma ndi chisanu."

A Geresomo sanaseke. Anatuluka, nabwera ndi thumba la thonje, analiviika mu ndowa n'kulipachika pa zenera, monga amachitira pozizitsa mtsuko wa madzi akumwa.

"Ngati vuto ndi kudzuka, isagone basi."

Otilia anayang'ana nambala ya kutentha. Inatsika: 43, 42, 41. Mitu yonse inayi inali maso. Zaka zinayi za ku yunivesite sizinamuphunzitse zimenezo.

"Takhuta, bambo," anathokoza Otilia m'Chisena.

Thumbalo linauma pa mphindi khumi ndi ziwiri. A Geresomo analiviikanso, linaumanso. Kachisanu, mu ndowa munatsala matope okha, ndipo mjigo unali kutsidya kwa msika. A Geresomo anakwera njinga kukatunga madzi. Asanafike pa msewu waukulu, mitu itatu inagona.

Atabwerako anatsitsa ndowa, nayang'ana makina ouma aja, kenako mitambo yakuda ya kumtunda. Anatulutsa foni yawo n'kuimbira mkazi wawo.

"Mayi a Fanuel? Yambani kumanga katundu. Ayi, uthenga musaudikire."